Mkute wa Nabanda

Abale ndi alongo, ndakuonani nonse. Inu mwakhala kumbuyoko musavutike ndi kusendera. Kale ndikaima pano ndinkaoneka mpaka ku Sinda. Thupi lija linapita, koma mawu ndikadali nawo.

Dzina langa ndine Gidiyoni Phiri, wachigayo kuseri kwa msika kuno ku Katete. Atsogoleri a gulu lathuli la anthu a shuga ndi bipi andipempha kuti ndifotokoze mmene ndinagwera ndi mmene ndinadzukira. Ndavomera, koma ndiyambe ndakuchenjezani: ine sindinama. Bodza limandipatsa chilungulira. Chilichonse chimene ndinene pano chili ndi mboni. Mboni zina zinamwalira, zina zinasamukira ku Mozambique, koma zilipo.

Mkazi wanga anali Nabanda, wa ku Vubwi, mudzi wa m'mapiri kufupi ndi malire, kumene tambala mmodzi akalira amadzutsa mayiko atatu. Anali wochepa thupi. Mphepo ya mu Ogasiti ikayamba, ndinkamupatsa munsi kuti anyamule popita kumsika, kuopa kuti ndingakamutole ku Chadiza.

Nabanda ankakonda mkute. Ena amati nsima yogona ndi ya ana, iye ankati ana sadziwa kukoma kwake. M'mawa ankaudula tizidutswa, n'kuuwotcha pa mbaula mpaka uchite khambi lofiirira, kathira mchere pang'ono, n'kumadyera tiyi pakhonde. Choncho kuyambira chaka choyamba cha ukwati wathu, madzulo aliwonse ndinkasiya mtanda umodzi m'mbale. Iye pochotsa mbale ankaima, n'kundiyang'ana chammbali.

"A Phiri, mwakhuta kapena mwandikonda?"

Ine ndinkati, "Ndakhuta, mayi. Musadzimve."

Ankaseka, n'kuvundikira mbaleyo. Tinachita zimenezi mpaka mwana wathu Tamala anakula, nakhala mphunzitsi ku Sinda, ife imvi zitayamba kutuluka.

Nabanda sanadwale nthawi yaitali. Tinakamuika kwawo, monga mwa mwambo wathu. Manda a kwawoko ali pamwamba pa phiri, ukawoloka kamtsinje. Tsiku la maliro ndinakwera phirilo osadziwa n'komwe kuti ndi phiri.

Nditabwerera kuno, ndinayamba kudya.

Apa ndithamanga, chifukwa nanenso ndinatsetsereka mothamanga. M'mawa mabanzi ndi tiyi wa shuga woti supuni imaima yokha m'kapu. Pofika kuchigayo, vitumbuwa. Mayi amene ankandigulitsa vitumbuwa anafolera nyumba yake ndi malata, ndipo mwana wake womaliza anamutcha Gidiyoni pothokoza. Masana nsima, thobwa lodzaza chigubu, mbatata ya kandolo yowotcha yotsukira mkamwa. Madzulo mayi woyandikana nane ankandiphikira, ndipo chilichonse chimene waika patebulo ndinkamaliza. Mbale zanga sizinkafuna sopo.

Malamba a m'sitolo anatha mabowo. Ndinatenga lamba wakale wa chigayo, uja wozunguza injini, n'kumamangira buluku. Telala anayamba kundiyeza m'chiuno m'mawa, pofika kumsana anapempha madzi akumwa. Tsiku lina ndinakwera pa sikelo ya ogula soya. Mwini sikelo analemba osayang'ana kuti matumba awiri ndi theka, osapeta, n'kufunsa kuti mwini katunduyu ali kuti.

Inu mukuseka, koma kodi mukudziwa zimene anthu ankanena? Ankandiyamikira. "A Phiri, mwanenepatu! Chigayo chikuyenda." Ena ankati, "A Phiri alemera." Ndipo sankanama, ndinalemeradi, kungoti kulemera kwake kunali kwa pa sikelo. Mayi wina wa kumpingo anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Tithokoze Mulungu, umasiye wakuyanjani." Ndinayankha kuti ameni. Nditafika kunyumba ndinadya kawiri.

Chitatha chaka, akuchikazi anaitana kuti tikasese kumanda ndi kuika nkhata. Ine ndi Tamala tinakwera minibasi. Kondakitala anatsitsa mbuzi ziwiri ndi bambo mmodzi kuti ine ndikwane. Titafika ku Vubwi tinatenga njinga zamoto. Ya Tamala inkauluka. Yanga inkayenda ikupemphera.

Anatilandira mlamu wanga a Yosefe, mchimwene wake wa Nabanda, munthu wowonda ngati mpini, wa pakamwa poyabwa. Anandizungulira kamodzi, manja kumbuyo.

"Alamu, mwabwera nonse? Ife tinaitana mmodzi."

"Alamu, ena ali m'njira."

"Aa, ndiye tiphe ng'ombe. Nkhuku ingangokulowani m'dzino."

Tinaseka. M'mawa mwake tinanyamuka ulendo wa kumanda, ine nditanyamula nkhata ya maluwa. Kamtsinje ndinawoloka. Titayamba chitunda, mtima unayamba kugunda ngati chigayo chimene chameza mwala. M'maso munachita mdima. Agogo a ndodo ankandipitirira. Mayi wina wapakati anandipitirira, mwana wina ali kumsana, n'kundifunsa ngati ndikufuna andinyamulire maluwa. Pakati pa phiri pali mtengo wa msuku ndi mwala pansi pake. Ndinakhala pamwalapo kuti ndipumeko pang'ono. Sindinadzukenso.

A Yosefe anatumiza ngolo. Ng'ombe ina inandiyang'ana, n'kuyang'ana inzake, ndipo zonse ziwiri zinagona pansi. A Yosefe ndi mboni, akadali moyo, mukhoza kukawafunsa.

Koma chimene chinatsatira sichoseketsa. Tamala anagwada pafupi nane, n'kutenga nkhata ija m'manja mwanga.

"Atate, bweretsani. Ndikawauza amayi kuti munafika pafupi."

Anthu onse anakwera. Ine ndinatsala pansi pa msuku ndekha. Patapita kanthawi ndinamva nyimbo ikutsika phiri, nyimbo imene Nabanda ankaimba akamachapa. Mawu ndinkawamva bwinobwino. Kuchokera pamene ndinakhala kufika pamene anagona mkazi wanga, ndi mtunda woti mwana atamutuma mchere akhoza kubwera ndiwo zisanapse. Ine ndinalephera. Abale, ndagwapo m'matope, ndagwapo pa njinga pamaso pa apongozi, koma pansi penipeni pa moyo wanga ndi pamwala umene uja.

Tisanabwerere, a Yosefe ananditengera kuseri kwa nkhokwe. Nthabwala zinali zitawathera.

"Alamu, chaka chamawa tikakolola timanga chiliza. Mukudziwa kuti kumanda sikupitidwa ngati kumsika. Tikakachita mwambo umenewo, tatseka, sindikudziwa kuti tidzakwerakonso liti. Nsalu ya pamwala amachotsa ndi mwamuna wake. Mukalephera ndichotsa ine, koma mlongo wanga sanakwatiwe ndi ine."

Sindinawayankhe. Kwa munthu ngati ine, kusayankha ndi matenda aakulu.

Titabwerera, Tamala anandikokera kuchipatala. Anandiyeza n'kupeza zimene zatisonkhanitsa pano, shuga ndi bipi. Adokotala anati magazi anga akhoza kuthiridwa mu phala. Mwina sananene choncho ndendende, koma nkhope yawo inanena. Anandipatsa mankhwala, n'kundiuza kuti ndichepetse thupi.

Loweruka lotsatira Tamala anabwera kuchokera ku Sinda ndi mawu atsopano.

"Atate, muyamba lokabu."

"Ameneyo ndi wa kwa yani?"

"Si munthu, atate. Ndi kadyedwe. Muchepetsa zakudya zonse zimene zimasanduka shuga m'thupi. Mabanzi, vitumbuwa, mpunga, kandolo, chinangwa, thobwa, shuga wa mu tiyi."

"Chabwino. Ndizingodya nsima."

Anayang'ana pansi. "Nsima ndiye yoyamba."

Ndinatuluka panja kukaona ngati dzuwa likadali pamalo pake. Tangoganizani. Munthu wachigayo, amene ufa uli m'tsitsi, m'makutu ndi m'thumba la malaya a tchalitchi, akuuzidwa kuti ufa ndiye mdani wake. Kuli ngati kuuza abusa kuti vuto lawo ndi Lamulungu.

"Nanga ndizidya chiyani?"

"Ndiwo. Masamba ambiri, mazira, kapenta, nyama, nsawawa, mapeyala."

"Ndiwo zokha? Iwe Tamala, amayi ako anakukwapula kangati chifukwa cha khalidwe limeneli?"

Inu nonse mukudziwa. Kwathu kuno wodya ndiwo popanda nsima ndi wankhuli, mnzake wa mphaka. Ndipo munthu akadya mpunga, nkhuku, mazira ndi mbuzi yathunthu, koma nsima osailawa, ukamufunsa amati lero sindinadye. Komabe ndinakumbukira msuku uja, ndipo ndinayamba.

Masana zinkayenda. Ndinkadutsa pa mayi wa vitumbuwa nditayang'ana kumwamba ngati ndikuwerenga mitambo. Koma madzulo ndinkagonja. Chinthu chinali ichi: m'nyumba mukakhala chakudya chotsala, sindinkatha kuchisiya. Mayi wondiphikira akaika mitanda itatu kuti ndidye umodzi, ndinkadya yonse itatu. Nditamuuza kuti asiye kuphika nsima, ndinayamba kumaliza ndiwo za masiku atatu pa tsiku limodzi. Mazira ndinadya mpaka nkhuku za m'dera lathu zinkati zikandiona zinkabisa kumbuyo kwawo. Pa maliro ena ku Mkaika anandipeza nditadya m'magulu atatu, la amuna, la akwaya ndi la adzukulu okumba manda. Chimanga chinamera, chinafika m'maondo, ine ndikadali mu lamba wa chigayo.

Tamala anabweranso ndi mawu ena.

"Atate, ku Chipata kuli mayi Tembo, namwino wopuma ntchito, amene anaphunzira uphungu. Amathandiza anthu ndi hipinosisi."

"Hipo si mvuu pa Chizungu? Matenda a mvuu? Wayamba kunditukwana?"

"Ayi, atate. Amakukhazikani pansi, mtima n'kudekha, ndipo mumamvetsera maganizo anu amene mumawathawa."

"Atema mphini?"

"Satema."

"Nkhuku yoyera?"

"Atate!"

Ndinapita, koma Baibulo lili m'thumba la jekete, chifukwa ndine wa mpingo ndipo zogonekana masana ndinkaziopa. Ndinauzanso Tamala kuti akhale pakhomo, akamva ndikulira ngati tambala athyole chitseko.

Mayi Tembo anali munthu wamba, wa magalasi, wolankhula mosathamanga. M'chipindamo munalibe nsupa kapena mchira wa nyama, munali mipando iwiri ndi zenera lotsegula. Anandifotokozera kuti sindigona tulo, ndizimva chilichonse, ndipo ndikafuna kudzuka ndidzuka. Anati iwo sangaike mwa ine chimene mulibe. Ndinakhala pampando. Mpandowo unadandaula, koma unapirira.

"Tsinzinani, a Phiri. Pumani pang'onopang'ono. Manja anu akulemera. Miyendo yanu ikulemera. Thupi lanu lonse likulemera."

Ndinatsegula diso limodzi. "Mayi, ndabwerera zomwezo. Musawonjezere."

Anaseka mpaka anavula magalasi. Kenako anati, "Chabwino. Inuyo tinene kuti mukupepuka." Tinayambiranso.

Apa ndiyenda pang'onopang'ono, chifukwa apa ndi pamene njira inakhota.

Ndinapuma monga anandiuzira. Phokoso la magalimoto panja ndinkalimva, koma linali ngati la mudzi wina. Mawu a mayi Tembo ankabwera ngati madzi a mumfuleni. Anati ndipite m'maganizo pamalo pamene mtima wanga unakhalapo pa mtendere. Ine ndinkaganiza kuti ndipezeka kuchigayo, kapena pa ukwati wina pafupi ndi miphika. Koma ndinapezeka pakhonde la nyumba yanga, m'mawa wa mu Juni, kukuzizira. Fungo la makala. Mbaula ili pamalo pake. Nabanda wakhala pa kampando kake, wafunda chitenje chabuluu chija chimene chinapsa pakona, kapu ya tiyi ili pambali. Ankakoleza moto ndi chivundikiro cha poto, monga ankachitira. Pa mbaulapo panalibe kanthu.

Ndisanapitirire, mvetsani. Sindinaone mzimu. Akufa ali m'manja mwa Mulungu. Chimene ndinaona ndi chikumbukiro changa chomwe, chimene ndinachitsekera kuchipinda n'kuunjika mabanzi pachitseko.

Nabanda sananditembenukire. Anangofunsa, maso ali pa moto.

"A Phiri, mkute wanga uli kuti?"

Pamenepo ndinakumbukira tsiku limene ndinaliiwala dala. Tsiku loyamba nditabwerako kumaliro, madzulo ndinadya, ndipo dzanja langa linasiya mtanda umodzi lokha, mwa chizolowezi. Ndinavundikira mbale n'kukagona. M'mawa ndinaipeza patebulo monga ndinaisiyira. Palibe anaivundukula. Mbaula inali yozizira. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Maliro enieni a mkazi wanga sanachitikire ku Vubwi, anachitikira patebulo limenelo. Ndinadya mkutewo chiimire, wozizira, osathira mchere, kuti ndisauonenso. Kuyambira tsiku limenelo sindinalolenso kuti kunja kuche m'nyumba mwanga muli mbale yovundikira.

"Mukuona chiyani, a Phiri?" anafunsa mayi Tembo.

"Mbale."

"Muli chiyani?"

"Gawo la mkazi wanga. Ndakhala ndikumudyera."

Ndinalira, abale. Tamala anamva ali pakhomo, koma poti sikunali kulira kwa tambala, chitseko sanathyole. Mayi Tembo anandisiya ndilire. Kenako anati, "Ndiye kuti si njala imene imakudyetsani. Mumadya kuti m'mawa musapeze chotsala." Ndinavomera ndi mutu. Anati, "Pumaninso. Yang'anani mbaleyo. Ndi mbale chabe. Chakudya chikatsala si maliro. Kale mukasiya mtanda umenewo munkatanthauza chiyani?"

Yankho ndinali nalo, koma silinali lawo.

Madzulo a tsiku limenelo ndinapempha mayi wondiphikira kuti aphike timitanda tiwiri tating'ono. Ndinadya kamodzi ndi ndiwo zambiri. Kenako ndinatenga chivundikiro. Ndinavundikira. M'mawa ndinakoleza mbaula, ndinadula mkutewo tizidutswa, ndinauwotcha mpaka khambi lofiirira, n'kukhala pakhonde ndi tiyi wanga. Fungo lake linadzaza khonde lonse. Zinawawa, sindikubisirani. Koma sindinafe. Utazizira ndinanyenyera nkhuku. Ndimachita zimenezi mpaka lero, ndipo nkhuku zanga ndi zimene tsopano zikufunika lokabu. Tambala wanga sakweranso pa khola, amalirira pansi.

Tsopano za njira yobwerera, kwa inu amene mwabwera kudzamva zochita.

Musanachepetse nsima, kafunseni kuchipatala, makamaka inu amene mukumwa mankhwala a shuga. Mukadula chakudya mankhwala ali omwewo, shuga akhoza kutsika kwambiri mpaka kukugwetsani. Ine ankandiyeza pafupipafupi, ndipo mankhwala anasintha ndi adokotala, osati ine kapena Tamala.

Mbale yanga ndinangoitembenuza. Ndiwo zinakhala nsima, nsima inakhala ndiwo. Nkhwani zotendera, bonongwe, therere, kabichi, repu, zodzaza mbale. Pambali mazira, kapenta, nkhuku ikapezeka, mbewa nthawi yake ikakwana. Nyemba pang'ono. Nsima ya mgaiwa kamtanda konga dzira la nkhanga, ndipo masiku ena osailawa n'komwe. Njala ikandipeza kuchigayo, nsawawa zodzaza dzanja limodzi, osati chipewa. Thobwa ndinasiya, ndimamwa madzi. Tiyi wopanda shuga sabata yoyamba ankakoma ngati madzi otsukira makasu, koma lilime ndi kapolo, limazolowera mfumu iliyonse.

Kwa mayi Tembo ndinabwererako kangapo. Anandiphunzitsa kuti ndisanasambe m'manja ndizikhala kaye chete, kupuma, n'kudzifunsa kuti chikundiwawa ndi mimba kapena mtima. Hipinosisi sinasungunule mafuta anga. Amene angakuuzeni kuti mugona pampando n'kudzuka muli mnyamata, ameneyo ndi wakuba. Inangonditsegulira chitseko chimene ndinkachiopa. Zotsalazo zinali za mbale ndi miyendo.

Kuyenda ndinayamba ndi kuchoka kunyumba kufika kuchigayo, ndikupuma pa mtengo uliwonse ngati galu wa mwini mudzi. Kenako ndinayamba kuzungulira msika. Mvula itatha ndinayamba kukwera kachitunda ka kuseri kwa boma, m'mawa dzuwa lisanakwiye.

Ndinagwanso, musaganize kuti ndine mngelo. Pa ukwati wina ku Sinda ndinakumana ndi mpunga wa mafuta, tinapatsana moni, ndipo zotsatira zake akwati amazikumbukira. M'mawa mwake ndinayambiranso. Kugwa kamodzi si chifukwa chogonera pomwepo.

Konzekeraninso pakamwa pa anthu. Aja ankandiyamikira ndikufa anayamba kundilira ndikuchira. "A Phiri atha. Kaya ndi chiyani." Ena ankati andilodza, ena ankati chigayo chagwa. Mayi wa vitumbuwa anabwera kunyumba kudzandipepesa, atatenga Gidiyoni wamng'ono ndi nyimbo ya maliro yokonzeka. Ndinamuuza kuti ndili bwino. Anati, "Onse amatero." Pa misonkhano ndikamadya ndiwo zambiri ndi kansima kochepa, azibambo anzanga ankakokera mbale ya nyama kumbali kwawo. Dzina la wankhuli ndinalilandira. Kuli bwino wankhuli woyenda kusiyana ndi waulemu wonyamulidwa.

Pofika nthawi yokolola, lamba wa chigayo ndinamubwezera kuchigayo. Akugwira ntchito mpaka lero, ngakhale amati injini ndi yopepuka poyerekeza ndi kumene anachokera.

Uthenga unabwera kuchokera ku Vubwi kuti chiliza chatha. Ine ndi Tamala tinakweranso minibasi. Mbuzi sizinatsike. A Yosefe anatichingamira pamsewu, anandizungulira kamodzi monga kale, koma ulendo uno anafika msanga.

"Alamu, anzanu aja mwawasiya kuti?"

"Ndawagulitsa kwa ogula soya."

"Mwachita bwino. Ng'ombe zanga zinamva kuti mukubwera, zathawira ku Malawi."

M'mawa tinanyamuka, abusa patsogolo, azimayi akuimba. Ndisakunamizeni kuti ndinauluka. Ndikadali munthu wa thupi, ndipo phiri lija silinachepetse nsima, likadali lomwe lija. Mtima unagunda, thukuta linatsika mpaka m'masokosi. Titafika pa msuku, mwala uja unali pomwepo, ukundiyang'ana ngati bwenzi lakale la kumowa. Maondo anati tikhaleko pang'ono. Tamala anandigwira mkono. Ndinaupatsa moni mwalawo, ndinati pepani, lero ndili ndi wondidikira. Ndinapitirira.

Pamwamba panali mphepo. Manda anali osesedwa bwino, chiliza chitakutidwa ndi nsalu yoyera. Abusa anapemphera, kenako a Yosefe anati, "Mwamuna wake abwere." Ndinapita ndi miyendo yanga. Ndinagwira nsaluyo n'kuikoka. Dzina lake linali pamenepo, lolembedwa pamwala. Ndinali nditakonza mawu ambiri m'njira monse, ena oseketsa, chifukwa iye ankakonda kuseka. Onse anathawa. Ndinangoti, "Nabanda, ndachedwa, koma ndafika." Ndinasanjika dzanja pamwalapo. Unali wofunda ndi dzuwa, ngati chivundikiro cha mbale.

Titatsika, kumudzi kunali chakudya. Kwa apongozi sukana nsima, ngakhale adokotala ataima kumbuyo kwako. Anandiikira mitanda iwiri ndi nkhuku ndi masamba. Ndinadya umodzi pang'onopang'ono. Winawo ndinausiya.

Wochotsa mbale anali Tamala. Anagwada, anatenga mbale ya ndiwo, n'kuona mtanda uja. Mwana ameneyu anakulira pa tebulo lathu, funso lija analimva madzulo aliwonse a ubwana wake. Anandiyang'ana chammbali, ndendende mayi ake.

"Atate, mwakhuta kapena..."



Ndinakuuzani poyamba kuti ine sindinama, ndipo za telala, za sikelo ndi za ng'ombe ndikhoza kulumbira pamaso pa aliyense. Koma yankho limodzi ndinalikhotetsa zaka zonse za ukwati wanga, ndipo amene ndinkamuyankhayo ankadziwa, n'chifukwa chake ankaseka. Inu amene mwakhala pano, madzulo ano mukakhala ndi mbale yanu, dzifunseni kuti mukudyera ndani. Ine ndinadziwa mochedwa.

Ndinamuyankha Tamala pamaso pa a Yosefe, amene ndi mboni.

"Sindinakhute, mwana wanga. Sindinakhutepo ndi tsiku limodzi lomwe. Vundikira."